Mpango Wovindikira Wailesi

Pa Nsipe,
Lachinayi masana.

Zione mwana wanga,

Usadabwe kulandira kalata kwa munthu amene umagona naye nyumba imodzi. Ndayesa katatu kukuuza pakamwa, katatu konse lilime landikana. Dzulo usiku ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chako, ndinakupeza ukupinda zovala, ndiye ndinangokufunsa ngati wadya. Choncho ndang'amba mapepala m'kope lako lakale la Fomu 4, ndipo ndikulembera pompano pamalo anga ogulitsira kachewere, pepala pabondo, diso limodzi pamsewu. Ukaona malemba akwera phiri n'kutsika, dziwa kuti panaima galimoto ndipo ndinathamanga. Iweyo wapita ku Boma kukagula bulangete ndi ndowa zimene akuuzani kuti mupite nazo kusukulu ya apolisi. Ndikufuna ndimalize usanabwere.

Nkhani yake ndi ya wezulo. Dzulo amayi apamsika pano atabwera kunyumba kudzakutsanzika, anayambanso nkhani yawo ija, ya tsiku limene ine Nasibeko ndinasesa msika n'kuthamangitsa mbava. Nkhani imeneyi waimva kuyambira usanamere mano. Iwe unaimirira pakati pa anthu n'kunena kuti, "Amayi, wezulo ya agogo ija mundipatse. Ndikakhale wapolisi wosanyengerera mbava ngati inu." Nthungululu zinamveka mpaka kutchalitchi. Ine ndinaseka nawo n'kuti ndikupatsa mawa. Koma kuyambira pamenepo sindikukhazikika. Wezulo sindikupatsa, Zione. Werenga mpaka kumapeto umve chifukwa chake, ndipo ukandida, undide utamva zonse.

Ukukumbukira mwezi wathawu pamene unkakonzekera mafunso olowera? Unandigwiritsa kope lako la malamulo oyendetsera dziko n'kuti, "Amayi, inu muzifunsa, ine ndiziyankha." Ine wa Sitandade 7, kuwerenga kochita kuloza ndi chala. Iwe unkazungulira pabwalo manja kumbuyo ngati wansembe. Ndikafunsa kuti nthambi za boma ndi zingati, iwe: "Zitatu! Nyumba ya Malamulo imapanga malamulo. Mtsogoleri wa dziko ndi nduna zake amayendetsa boma ndi kuonetsetsa kuti malamulo akutsatidwa. Makhoti amaweruza." Ndikafunsa kuti anazilekanitsiranji, iwe: "Kuti mphamvu zonse zisaunjikane m'dzanja limodzi!" Unkangolakatula ngati mateyibulo a samu, maso kumwamba. Titafika pa tsamba la ufulu wa munthu womangidwa, thukuta linandituluka mpaka kudontha pa kope. Unandifunsa ngati ndi malungo, ine n'kuti ndi dzuwa. Sanali malungo, mwana wanga, ndipo tinali pamthunzi.

Iwe zinthuzi unaloweza, ndipo unakhoza. Ine sindinaziloweze. Ndinaziphwanya chimodzichimodzi ndi manja anga omwewa, ndipo ndikufuna uzidziwe momwe ndikuzidziwira ine.

Ndiyambe ndi mpando. Matipate atangobwera kumene, iwe usanabadwe, pamsika pano panali piringupiringu. Mawu anali amodzi pakamwa pa aliyense, "Ndi ufulu wanga." Basi ikaima tinkaithamangira tonse, kukankhana, kupondana, kutukwanizana pamaso pa alendo. Mayi wina anatsala pang'ono kupondedwa ndi lole ali ndi mwana kumbuyo. Ndiye amayi anakumana pansi pa bulugama uja anadulidwa, nakweza manja kusankha wapampando wa zaka ziwiri. Anasankha ine chifukwa cha pakamwa pangapa. Ndinapita kunyumba n'kutsegula bokosi la malemu agogo ako, a Sibeko. Iwo uja anakhala zaka zambiri kumigodi ya ku Joni, anabwerako ndi chifuwa, bokosi lachitsulo ndi wezulo imene ankaimba ali mlonda pageti la komponi, kogona anthu a mumgodi. Ndinaikoleka m'khosi. Tsiku loyamba ndinangoti pyee, msika wonse unati zii. Ha! Sindikubisa, zinandikomera kuposa nyama. Kope lako likuti mphamvu zonse zimachokera kwa anthu ndipo wolamulira amangosungitsidwa. Inenso amayi aja anangondisungitsa, koma mkati mwa sabata imodzi ndinali nditaiwala kale kuti chosungitsa chili ndi mwini wake. Akakuveka yunifomu usaiwale msanga ngati ine.

Malamulo athu oyamba anali abwino, ndisanamize. Galimoto ndi ya amene wayamba kuigwira. Wobereka mwana asawoloke msewu. Kutukwana pamaso pa wogula, tsiku limodzi kunyumba. Vuto lake, sitinalembe paliponse. Malamulo onse anali m'mutu mwanga, ndipo mutu wa munthu umasintha malinga ndi mmene wadzukira. Wina akafunsa kuti kodi lamulo limeneli tinapanga liti, ndinkangogwira wezulo, funso n'kuthera pomwepo.

Tsopano za ndowa. Ndowa zathu ukuzidziwa, usachite manyazi, unakulira pomwepa. Timazigogoda pansi ndi hamala kuti chitsulo chitukumukire m'kati, kachewere azilowa wochepa, pamwamba n'kuunjika bwino ngati phiri. Tonse tinkatero, ndipo palibe ankaziona ngati tchimo. Ndiye chaka chimene iwe unabadwa kunabwera mayi wina wachisilamu, Abiti Kassimu. Mwamuna wake anatsegula kasitolo pafupi ndi mzikiti, iye n'kuyamba kugulitsa kachewere kumapeto kwa mzere wathu. Anali wofatsa, wochepa thupi, woyankhula motsitsa, ndipo naye anali ndi khanda lalikazi kumbuyo ngati ine. Ndowa zake zinali zosagogoda. Madalaivala si ana, anazindikira msanga, ndipo anayamba kutipitirira kukaima kumapeto. Ife timangoyang'ana fumbi.

M'mawa wina ndinaimba wezulo n'kulengeza lamulo latsopano, loti ndowa zonse pamsika pano zikhale zofanana. Mawu okoma, eti? Koma aliyense anamva chimene ndinkatanthauza. Abiti anabwera pafupi, anagwada pang'ono mwaulemu n'kufunsa kuti, "Amayi apampando, ndiye lamulo likuti ndiziwabera anthu?" Sanakweze mawu. Bola akanandituka. Kuyambira tsiku limenelo ndinamuda mayi uja mpaka ndinkamva kuwawa akandipatsa moni. Mvetsa apa, Zione. Lamulo lopangira munthu mmodzi si lamulo, ndi msampha. Ndipo kope lako likunena kuti pamwamba pa malamulo onse, a komiti, a mfumu, ngakhale a aphungu, pali malamulo aakulu a dziko, ndipo lililonse lotsutsana nawo ndi lopanda ntchito. Langa lija linali lopanda ntchito lisanatuluke n'komwe pakamwa. Kumene ukupitako kuli akuluakulu okhala ndi nyenyezi pamapewa. Uziwamvera, ndinakulera womvera. Koma wina akadzakutuma chinthu chimene kope lija likukana, udzakumbukire kuti nayenso ali pansi pa kope lomwelo.

Ndabwerera. Inali galimoto ya azibambo atatu amataye, andizunguza mutu ndi kunenerera kenaka n'kugula kwa mnzanga. Nachisale, woyandikana nane malo uyu, akundiseka kuti kapena ndapeza chibwenzi poti ndikulemba chibisirebisire. Dzina lake ulisunge, alowa m'nkhaniyi posachedwa.

Tsiku lija limene amakuuza linayamba chonchi. Ukudziwa kuti aliyense amaika chizindikiro chake pa ndowa, ine changa ndi mizere iwiri ya penti wofiira. Madzulo a dzulo lake basi yopita kumpoto inanyamuka ndowa yanga ili m'kati, ndinali nditaipereka pawindo kuti wogula akhuthulire m'thumba lake. Pa chipwirikiti chija sindinaone kuti yapita ndi basi, ndinangoti yabedwa. M'mawa mwake ndikuyala malonda, ndinaona Abiti akubwera mumsewu, mwana kumbuyo, ndowa ya mizere iwiri yofiira ili m'manja. Ankabwera molunjika kwa ine, Zione. Wakuba ndani amayenda choncho? Anafika pafupi n'kuyamba kuti, "Amayi apampando, ndowa iyi..." Sanamalize. Ndinaimba wezulo ndi mphamvu zanga zonse n'kukuwa kuti mbava, mbava. Amayi anabwera ngati njuchi.

Tawerenga nane. Wodandaula anali ndani? Ine. Wopanga lamulo? Ine. Wogwira? Ine. Woweruza? Ine ndemwe. Nthambi zako zitatu zija zinali m'khosi mwa mayi mmodzi, zikulendewera pa chingwe, ndipo mayiyo anali ndi chidani chake kale. Ngakhale pamaliro, wogawa nyama sitimulola kuyamba kusankha mbale. Ine ndinagawa, ndinasankha, ndinadya, n'kudziyamikira ndekha. Iwe ukukakhala dzanja logwira. Ntchito yako ndi kugwira ndi kupereka kwa oweruza. Kuweruza si kwako. Ndibwereza chifukwa ndikukudziwa, unatengera mtima wanga wapachala: kuweruza si kwako, Zione.

Tinamutsekera m'kachipinda kosungiramo matumba, kaja kamalata kopanda windo. Mwana tinamulanda n'kumupatsa mayi wina panja. Kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, mayi m'kati, khanda kunja likulira kufuna bere. Iwe unali kumbuyo kwanga, ndinakuyamwitsa kawiri pakhomo pomwepo, iye akumva. Ankagogoda chitseko n'kumati, "Ndipatseni mwana wanga, ndifotokoza." Ine ndinkayankha kuti, "Vomera kaye." Dzuwa litafika apo anavomera. Anati, "Ndaba, ndipatseni mwana." Amayi akamakuuza kuti mbava ija inavomera yokha, kuvomera kwake n'kumeneko. Pa tsamba lija unandiwerengera kuti womangidwa auzidwe chifukwa chake, asakakamizidwe kuvomera mlandu, aonekere kukhoti asanathe masiku awiri, ndipo ndi wosalakwa mpaka khoti litamupeza wolakwa. Unkawerenga ukuswa mtedza. Ine ndinkamva kulira kwa khanda lija. Munthu ukamufinya pamalo oyenera amavomera chilichonse, ngakhale kuti anaba mwezi. Ukadzamva mnzako pantchito akudzitama kuti uyu wavomera, udzafunse kuti wavomera atatani.

Munthu mmodzi yekha anayankhula tsiku limenelo, Nachisale. Anaima pakati pa gulu n'kuti, "Nasibeko, timve kaye mbali yake. Wakuba sabweretsa katundu kwa mwini." Ndinamulozera chala n'kumuuza kuti woikira mbava kumbuyo ndi mbava, akakhale kunyumba sabata yathunthu. Anasenza malonda ake n'kupita, kachewere wake anaolera m'nyumba. Kuyambira pamenepo palibe anatsegulanso pakamwa kunditsutsa, ndipo ine ndinkati pamsika pali mtendere. Sunali mtendere, anthu ankangoopa. Ufulu woyankhula umene unaloweza uja si wa oimba nyimbo zotitamanda, amenewo safuna chitetezo. Ndi wa munthu ngati Nachisale, amene amanena chinthu chowawa pa nthawi imene sukufuna kumva. Udzakumana nawo otero, ena atanyamula zikwangwani mumsewu, ena akukufunsa dzina ndi chifukwa chowagwirira. Magazi adzakuwira ngati anga. Usadzawatseke pakamwa.

Apa ndiye pamene ndakhala ndikuzungulira. Ndaimirira kawiri kukakonza milu imene inali yokonzeka kale.

Titamutulutsa ndinalamula kuti ayende mzere wonse wa msika atasenza ndowa ija yodzaza miyala. Wina anati palibe nkhata. Ine, mayi ako, ndinatambasula dzanja n'kumuvula mpango kumutu. Ukudziwa chimene mpango uli kwa mayi wachisilamu, unaphunzira ndi ana awo. Anayesa kuphimba tsitsi ndi manja, tinamutsitsa manja. Ndinaupinda mpango uja, wobiriwira wamaluwa oyera, n'kuupanga nkhata, n'kumusenzetsa. Anayenda kuyambira kumapeto kuno mpaka uko, amayi akuimba ndi kuwomba m'manja, anthu a m'basi atatulutsa mitu pamawindo. Azibambo amene ankatuluka mumzikiti anawerama kuyang'ana pansi. Iye sanalire. Ankangoyang'ana kutsogolo, mkaka utanyowetsa bulauzi. Atafika kumapeto anatula ndowa, anatenga mwana wake n'kupita osatembenuka. Mpango unatsala pansi ndipo ndinautola ine. Kope lako likuti ulemerero wa munthu suyenera kuphwanyidwa, ndipo palibe woyenera kulandira chilango chonyazitsa, ngakhale atalakwadi. Ngakhale atalakwadi, Zione. Nanga uyu amene sanalakwe?

M'mawa mwake mwamuna wake anabwera, bambo waulemu, kapu m'mutu, manja atagwira kutsogolo. Anandifunsa kuti, "Mayi, ngati sitikukhutira ndi chigamulochi tingakadandaule kuti?" Ndinati akadandaule ku komiti. Anafunsa kuti wapampando wa komitiyo ndani. Ndinadziloza pamtima. Anangoti zikomo. Anali alendo kuno, analibe abale, ndipo mwina sankadziwa kuti ku Boma kuli khoti limene likanandiika pamalo anga. Pasanathe mwezi anatseka sitolo n'kusamuka. Munthu ali ndi ufulu wokhala ndi kuchita malonda kulikonse m'dziko muno, unatero iwe. Ine ndinawalanda zonsezo ndi mpweya umodzi.

Mwina ukuti, amayi analakwitsa koma sankadziwa. Ndikanakonda zikanathera pamenepo. Patapita masiku atatu basi ija inabweranso. Ndili pawindo ndi malonda, kondakitala anasuzumira n'kundiuza kuti, "Mayi, ndowa yanu munalandira? Tinaiona titanyamuka kale, ndiye tinaiponya pafupi ndi mzikiti. Anatola mayi wina wampango wobiriwira, anakuwa kuti akupatsani m'mawa." Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere. Aliyense anali kalikiliki ndi ogula, palibe anamva. Mboni inali iwe wekha, uli mtulo kumbuyo kwanga. Nthawi imeneyo Abiti anali asanasamuke, nyumba yake inali apo, mtunda woti ungaponye mwala. Ndinamuyankha kondakitala uja kuti, "Ndinalandira, zikomo," n'kumuthirira kachewere wa basera m'jumbo. Basi inanyamuka. Ine ndinabwerera pamalo anga n'kukhala pansi, wezulo m'khosi.

N'chifukwa chiyani sindinapite? Ndadzifunsa zaka zonsezi. Ndinaopa kuti amayi andiseka, ndinaopa kutaya mpando, ndinaopa Nachisale kundiyang'ana. Munthu amene palibe womuwongolera, akalakwa amayamba kulondera cholakwa chakecho ngati munda. N'chifukwa chake anaika makhoti paokha, kuti pakhale wina wotha kuuza ngakhale mtsogoleri wa dziko kuti bwana, apa mwaphonya. Ine ndinalibe wondiuza, ndinali nditamuthamangitsa ndekha. Udzalakwitsa, mwana wanga, palibe wogwira ntchito wosalakwitsa. Udzagwira munthu wosalakwa tsiku lina. Ukadzazindikira, udzanene tsiku lomwelo, dzuwa lisanalowe. Tsiku lachiwiri pakamwa pamalemera, lachitatu pamauma. Ine papita zaka makumi awiri ndi ziwiri, msinkhu wako ndendende.

Mpando wa zaka ziwiri uja ndinaukhalira zaka khumi ndi chimodzi. Nthawi ya chisankho ikakwana ndinkapeza chifukwa. Mwina ndi nyengo yokolola, anthu atanganidwa. Mwina kwagwa maliro. Mwina ndinkangoti, "Mukufuna chipwirikiti chija chibwerere?" Anthu ankati Nasibeko amakonda msika. Zoona zake ndinkaopa kuti wina akakhala pampando adzafukula nkhani ya Abiti. Pawailesi akamakangana zoti mtsogoleri asapitirire nthawi yake, ine ndinkakuwa nawo kuti achoke, dziko si lake. Ndinkakuwa wezulo ili m'khosi, osachita manyazi ngakhale pang'ono. Chinandichotsa ndi nyamakazi ya m'mabondoyi, osati nzeru.

Pali china chimene sunauzidwe bwino. Uli Sitandade 2 malemu bambo ako anagwidwa. Munthu wina wa ku Nzama anawanamizira kuti anaona ng'ombe yake yobedwa m'khola mwathu. Apolisi anabwera, anawauza chifukwa chowatengera, ndipo tsiku lachiwiri anali kale pamaso pa woweruza ku Boma. Ine ndinakhala pabenchi kumbuyo, mtima uli m'mwamba. Woweruza uja anali mayi, wamng'ono kwa ine. Anamvetsera wodandaula mpaka kumaliza. Kenaka anatembenukira kwa bambo ako n'kuti, "Tsopano timve inu." Mawu atatu okha amenewo. Bambo ako anafotokoza, mboni zinabwera, ng'ombe inapezeka kuti ndi yathu yobadwira m'khola momwemo. Anatuluka. Ndinavina panja pa khoti mpaka chitenje kumasuka, ndikuyamika malamulo a dziko lino. Mu minibasi pobwerera ndinamuganizira Abiti njira yonse. Titatsika pa Nsipe ndinamuiwala dala. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe, timatero. Ine chinandifika n'kundilambalala chifukwa panali munthu woti timve inu, ndipo ngakhale apo sindinaphunzire.

Ndiye taona, mwana wanga, mayi amene ukufuna kutengera ndi ameneyu. Sindikuti ukakhale wapolisi wamantha. Mbava zilipo, zinatibera mbuzi kawiri, ndipo anthu osauka ndi amene amavutika nazo kwambiri. Uzikazigwira. Koma ukagwira munthu padzanja, uzikumbukira kuti ufulu wake sunagwe pansi pamene wamuveka unyolo. Umuuze chifukwa. Umulole ayankhule, kapena akhale chete ngati akufuna. Usamuvule chilichonse chomuchititsa manyazi. Usafunse kuti amapemphera kuti, kwawo n'kuti, kapena amavotera ndani, pamaso pa malamulo wampango ndi wa kolona ndi amodzi. Gulu likamakuwa kuti mupatseni kuno timuonetse, iwe uime pakati, ngakhale okuwawo akhale amayi a pa Nsipe amene anakupatsa mphatso dzulo. Ndipo ngati munthuyo unamuda kale, kapena katundu wobedwayo ndi wako, uchoke, agwire wina. Funsa kaye, Zione. Wezulo isalire munthu asanamalize kuyankhula. Kumeneko akakupatsa yako yatsopano, yopanda mbiri. Ya agogoyi yalira mokwana.

Dzuwa lapendeka ndipo minibasi iliyonse yochokera ku Boma ndikuiyang'ana ngati muli iwe. Ndimalize.

Lero m'mawa unandifunsa kuti, "Amayi, wailesi mwaivula bwanji?" Ndinati nsalu yake yada, ndaichapa. Nsalu imene yakhala ikuvindikira wailesi yathu moyo wako wonse, yobiriwira yamaluwa oyera, imene unkaseweretsa uli mwana kuberekera chidole chako, ndi mpango wa Abiti Kassimu. Kutaya ndinalephera, kuwotcha ndinalephera, kubisa m'bokosi unkandisowetsa tulo. Ndiye ndinauika poonekera kuti uzolowereke ngati nsalu wamba. Kwa inu nonse unazolowereka. Ine ndakhala ndikuuchotsa m'mawa uliwonse potsegula nkhani, ndipo palibe tsiku limene dzanja langa linaiwala kuti linautenga pamutu pa munthu. Mpangowo uli pachingwe kuseri kwa nyumba, pofika madzulo ukhala utauma.

Ndisanayambe kulemba ndinamufunsa Nachisale ngati akudziwa kumene anthu aja anapita. Anasiya kupanga milu, anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anati, "Ali ku Manjawira. Mwamuna anamwalira, iye ali moyo, amagulitsa tomato m'mbali mwa msewu. Mwachedwa, Nasibeko, koma pitani." Sanandifunse chifukwa chake. Ndikuganiza kuti wakhala akudziwa nthawi yonseyi, ndipo wakhala nane malo oyandikana, kundibwereka mpeni, kundisungira malonda ndikadwala. Kwa iyenso ndili ndi mawu oti ndinene, ndiyamba naye ndikangotseka kalatayi. Loweruka ndikawauza amayi onse pamsonkhano. Mlandu suola, ndaona ndekha.

Ndinaganiza zoilowetsa kalatayi pansi pa chikwama chako kuti ukaipeze uli kutali, pamene sungandiyang'ane m'maso. Amenewo ndi mantha omwe aja a pawindo la basi. Ndikupatsa m'manja ukangofika, uwerenge ndili pomwepo. Ukafuna kundifunsa undifunse, ukafuna kukhala chete ukhale chete. Ngati mawa sufuna kukhala nane mpando umodzi, ndimvetsa, ndikhala kumbuyo.

Pakuti mawa ndikwera nawe. Sindikufika nawe kusukulu, nditsika pa Manjawira. Iwe upitirire, usachedwe tsiku loyamba. M'jumbo mwanga mukhala mpango ndi wezulo. Sindikudziwa ngati akandizindikira. Mwina akandithira madzi, mwina akaitana anzake a pamsika wakumeneko kuti aone mayi amene anamuyendetsa wopanda mpango, ndipo akatero sindithawa. Kukhululuka kapena kusakhululuka ndi kwa iyeyo, mlandu uwu sindiweruza ine. Ndikakhala pansi pafumbi, ndikaika zinthu ziwirizi patsogolo pake, ndipo ndikatseka pakamwa pangapa kwa nthawi yoyamba. Mayi uja anayamba kundiuza kuti, "Amayi apampando, ndowa iyi..." iwe uli kumbuyo kwanga. Mawa akamalize.

Pita bwino, mwana wanga. Ambuye akusunge, ndipo akusungirenso anthu amene udzawagwire.

Ndine amene ndinakubereka,
Nasibeko.